Mphindi 11 za Bambo

Lolemba

Lamulungu likubwerali bambo akwanitsa chaka ali m'manda. Kumaliro sindinapite. Mapepala anga anali ku imigireshoni, ndikanatuluka sindikanaloledwa kubwerera. Ndinaonera pafoni, netiweki ikudukaduka, bokosi linaima m'malere katatu lisanafike pansi.

Ndiye chaka chino ndikonza zanga kuno ku Swords, kutsidya kwa nyanja. Tikaweruka ku tchalitchi anthu abwere kufulati kwathu. Pemphero, tiyi, kenako ndiwaonetse bambo akuyankhula pa TV.

Mawu awo atsala malo amodzi okha padziko lapansi: vidiyo ya ukwati wathu. Zojambula mawu pafoni bambo ankakana, ankati kuyankhula wekha ndi chiyambi cha misala. Ankangoflasha, ine n'kuimba. Koma pa ukwati MC anawapatsa mphindi ziwiri, iwo anatenga 11. Mlangizi wa zaulimi wopuma ntchito ukamupatsa maikolofoni wadziputa wekha.

Vidiyoyo amuna anga, Bambo a Tadala, anaiika pa webusaiti ya mavidiyo chaka chimene tinafika kuno, kuti abale azionera. Chimwalirire bambo sindinaitsegule. Ndimaopa.

Zofunika:
- mipando 6, kubwereka kwa Mai Zulu
- ufa wa mandasi, mafuta, shuga
- chingwe cholumikiza laputopu ku TV
- kuuza Tadala kuti pamaso pa alendo savala mahedifoni
- matishu, ambiri

Tadala ali ndi zaka 9. Agogo ake anawaona kamodzi, ali ndi zaka ziwiri, sakumbuka kanthu. Lamulungu awamva. Zonsezi ndikuchitira mwanayu. Bodza! Ndikuchitira ine.

Lachiwiri

Nthawi ya buleki, m'kachipinda kodyera ka wodi yathu. Ndalimba mtima, ndiyese ngati ikusewera. Mai Zulu, namwino mnzanga wa ku Chipata, ali pambali akutenthetsa supu.

Bambo aja! Suti yotuwa ija, taye wofiira. Akugogoda maikolofoni ndi chala. Akutsokomola. "Ndiyambe ndi kulemekeza abusa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, akuchimuna, akuchikazi..." Ndakhala pampando. Mphindi ziwiri zathunthu akulemekeza anthu, mpaka dalaivala wa minibasi imene inawanyamula. Kenako akutembenukira kwa ine. "Tsopano iwe, mwana wanga..."

Zii.

Pakamwa pakuyenda, dzanja likuloza, mawu palibe. Ndakweza voliyumu. Ndazimitsa foni, ndayatsanso. Ndaipukuta pa yunifolomu ngati kuti vuto ndi fumbi. Ndipamene ndaona kachizungu pansi pake: mawu achotsedwa chifukwa muli nyimbo ya mwini wake.

Nyimbo! Inde, DJ anaika nyimbo chapansipansi bambo akuyankhula. Yakunja, yachikondi, imene inkalira mu minibasi iliyonse chaka chimenecho. Makina a webusaiti ainunkhiza pansi pa mawu a bambo, n'kudula zonse pamodzi, nyimbo ndi bambo omwe. Mphindi 9!

Ndapempha Mai Zulu ajambule sikirini yanga ndi foni yawo, ndikaonetse Bambo a Tadala. Akujambula uku akuyankhula, monga mwa masiku onse. Belu la bedi 14 lalira, ndathamanga, sananditumizire n'komwe.

Komabe mphindi ziwiri zoyambirira zilipo. Ndidzazimvetsera bwino kunyumba, ndili ndekha, nditasamba. Lero ayi, ndafika mapazi atatupa.

Lachitatu

Bambo a Tadala akuti iyi ndi nkhani yaing'ono. Ku eyapoti amanyamula masutikesi, koma kunyumba kuno ndi injiniya. Ndi iwo anabweretsa kabokosi koonera mpira wa dziko lonse, kochokera kwa mnzawo wa mnzawo wopanda dzina. Masiku ano kamazima mpira ukangoyamba, akuti khoti linalamula kuti njira zake zizitsekedwa. Amakamenya pamutu.

Ndati, bwanji titsitse kaye vidiyoyi mu laputopu mmene ililimu? Akuti, "Titsitse yosayankhula? Dikirani, Mayi a Tadala, abweze mawu, titsitse yathunthu."

Adzaza fomu yodandaula. Funso: kodi zonse za mu vidiyoyi ndi zanu? Achonga inde. "Ukwati ndi wanga, mkazi ndi wanga, apongozi ndi anga." Pa malo ofotokoza alemba ndime zitatu, pomaliza aopseza kuti tili ndi loya. Loya wake uti?

Ine ndayesa njira ina. Mu imelo yakale muli linki imene wojambula vidiyo wa ku Lilongwe anatitumizira, ya malo ena osungirako zinthu pa intaneti. Ndadina. Chikwangwani chachikulu, zidindo za boma la dziko lina: malo ano atsekedwa chifukwa ankasunga mafilimu akuba. Chabwino, mafilimuwo anali akuba. Nanga ukwati wanga ndinaba kwa ndani?

Ndamuimbira wojambulayo. Kamera anasiya kalekale, pano amaweta nkhuku. Akuti ntchito zake zonse ankasunga kumeneko, maukwati, zinkhoswe, maliro. "Zinapita tsiku limodzi, madamu." Kenako akufunsa ngati kuno kuli msika wa mazira.

Ufa ndagula. Chingwe ndagula, sichikulowa.

Lachinayi

Akaunti yatsekedwa. Yonse!

Imelo yafika m'mawa ndili mu basi. Dandaulo lakanidwa, vidiyo yachotsedwa, ndipo ili ndi chenjezo lachitatu, lomaliza. Lachitatu? Awiri oyambawo anabwera liti?

Nditaweruka Bambo a Tadala akuulula, maso ali pa masilipasi awo. Zaka zapitazo ankadula zigoli za timu yawo n'kumaziika pa akaunti yomweyo. Anachenjezedwa kawiri. Sanandiuze chifukwa "sinali nkhani". Zigolizo anaonera anthu ochepa, ndipo theka la anthuwo ndi iwo omwe.

Zimene zapita:
- ukwati
- Tadala akuyamba kuyenda
- Tadala akugwira sinowo koyamba, akulira
- zigoli, zipite!
- mphindi ziwiri zija

Ndinazimva kamodzi kokha. Kamodzi, mayikulowevu ikulira, supu ya Mai Zulu ikununkha anyezi. Ndinati ndidzamvetsera bwino kunyumba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndakhala ndikudziwa kuyambira ndili mwana, koma wanga ndinamusiya pachala.

Sindinakalipe. Bola ndikanakalipa. Bambo a Tadala atsuka mbale osatumidwa, apukutanso sitovu, chinthu chimene sichinachitikepo m'zaka 12. Ndikuwamvera chisoni, ndipo ndikufuna kuwagenda ndi poto, zonse nthawi imodzi.

Woyimba naye adye thukuta lake, sindikukana. Koma pa webusaiti yonseyo palibe munthu woti ndimufotokozere kuti ife sitikuba, tikulira. Ndasaka nambala ya foni, palibe. Kuli kamakina koyankha kokha, ndipo kakufunsa ngati yankho lake landithandiza. Nkhope yoseka kapena yokwiya, ndisankhe imodzi.

Nyimboyo ili pomwepo, pa webusaiti yomweyo, yathunthu, yovomerezeka, kutsogolo kwake kuli malonda a inshuwalansi ya galimoto. Sindinaidine.

Lachisanu

DVD! Tinasiya imodzi kumudzi ku Mponela. Ndadzuka ndi chimwemwe, ndaimbira achimwene ndisanasambe n'komwe.

Achimwene ayamba ndi mvula, feteleza, mbuzi za aneba zimene zikudya mbewu. Munthu akayamba choncho dziwa kuti nkhani si yabwino.

DVD inayenda mudzi wonse. Aliyense wokwatitsa mwana ankaibwereka kuti aonere masitepe ndi madiresi. Inabwerako yokalika ngati pansi pa poto. Koma isanatheretu anaipereka kwa wobena nyimbo wa pamsika, iye n'kukopera mu kompyuta yake. Ndiye ilipo? "Inalipo, achemwali." Miyezi ingapo yapitayo kunabwera olimbana ndi nyimbo zakuba, ananyamula makompyuta onse a pamsika pa pikapu. Mwini wake pano akukazinga chipisi.

Ndiye kuti bambo anga ali m'chipinda china chokhoma, mu kompyuta yafumbi, pakati pa mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa. Ngati sanaiphwanye.

Malo atatu, onse akuthamangitsa akuba. Koma amene wagwidwa ndi mlangizi wa zaulimi wa ku Mponela, munthu amene sanathyolepo ngakhale chimanga chimodzi m'munda wa mnzake.

Mai Zulu akuti, "Osalila, mwana wa amai. Manje tizachita chabe mapemphelo. Mulungu amamvela olo vili pa mute."

Ndalembera anthu kuti pulogalamu sinasinthe. Za vidiyo sindinatchule. Mipando yabwera isanu, umodzi wolemala mwendo.

Loweruka

Ufa wa mandasi ukufufuma, ndiye ndilembe chimene sindinauzepo munthu.

DJ uja sanaike nyimbo mwa yekha. Ndinamutuma ndine.

Mkwatibwi amakhala chete, maso pansi. Ine ndinalidi maso pansi, koma nsapato zikundiluma, keke ikusungunuka ndi kutentha kwa Okutobala, anzanga a ku sukulu ya unamwino akusekera m'manja. Bambo atamaliza malonje n'kutembenukira kwa ine, ndinadziwa kuti tikhala pano mpaka nkhuku kulowa m'khola. Ndinachita manyazi ndi bambo anga. Ndinamuyang'ana DJ, n'kuzunguza chala pansi pa maluwa. Anaika nyimbo kuti bambo atope akhale pansi. Sanatope. Anangokweza mawu.

Ndipo sindinamve chilichonse. Ndinkangopemphera kuti amalize. Ngakhale pa vidiyo, gawo limenelo ndinkalidumpha.

Lero ndafunsa anthu zimene bambo ananena.
- Bambo a Tadala: za kupirira, "kapena ulimi wa mtedza"
- achimwene: anali panja, akukangana ndi ophika
- wojambula: mazira

Ndaimbira amayi. Aseka mpaka kutsamwa. "Zaka zonse zija bambo ako akuyankhula, iwe ukuganiza ndinkamvetsera zonse?" Kenako akuti, "Koma chala chako chija anachiona."

Ndakhala pansi pa khitchini, manja ali ufa wokhawokha.

Akuti bambo sanakwiye. Pobwerera mu minibasi anatulutsa kapepala m'thumba la jekete. Analemba mfundo 7, anangofika pa yachinayi. Anati mwanayu lero watopa, zitatu zotsalazi ndidzamuuza akadzakhala pansi bwino. Patangopita miyezi ingapo tinanyamuka kubwera kuno. Titapita ku holide ndi Tadala tinakhala masabata awiri, kuthamanga uku ndi uku, kwa apongozi, ku ofesi ya mapasipoti, kugula nsalu. Sindinakhale pansi.

Ndafunsa za kapepalako. Akuti kankakhala m'jekete lomwelo, sankalola kuti kachotsedwe ngakhale pochapa ankakabwezeramo. Suti yotuwa ija ndi imene anawaveka.

Mandasi apserera.

Lamulungu

Abwera anthu 9. Mvula. Chingwe chatsopano chalowa bwinobwino, tsiku limene palibe choonetsa.

Pemphero. Nyimbo ziwiri, motsitsa mawu chifukwa cha aneba a pansi. Tiyi. Mandasi akuda bii, aliyense akuti akoma. Ndaimirira kuti ndipepese za vidiyo.

Mai Zulu akuti, "Nanga ija ninajambula pa Tuesday?" Ndinaiwaliratu! Masekondi 40, foni kujambula foni inzake. Taika pa TV.

Bambo aja, akugwedezeka chifukwa dzanja la Mai Zulu silikhazikika. Chala changa chachikulu chili pakona. Pakamwa pawo pakuyenda, dzanja likukwera, ndipo mawu amene akutuluka ndi a Mai Zulu: "Awe, benze handsome batate banu! Manje iyi suit, ni ya salaula?" Kenako mayikulowevu: ting!

Anthu aseka, achita manyazi, kenako aseka kwambiri. Ndaseka nawo mpaka matishu agwira ntchito imene ndinawagulira. Tabwereza kanayi. Chakumapeto dzanja lawo lamanzere likusisita thumba la jekete. Palibe wina waona.

Tadala wakhala pansi pafupi ndi TV, wopanda mahedifoni, osatumidwa. Alendo atapita wandifunsa, "Mum, what did he sound like?" Ndati ndimuyeserere mmene agogo ake ankayankhulira. Ndagogoda supuni ndi chala. Ndatsokomola monga iwo. Kupitirira apo palibe chabwera. Ndawamva Lachiwiri lomweli, koma m'mutu mwanga mwatsala milomo yokha ikuyenda.

Bambo a Tadala azula kabokosi kawo ka mpira, akaika mu kabati. Sindinawatume. Sizibweza kanthu.

Mipando ibwezedwe mawa. Shifiti 7:30.

Ndikutsuka makapu, ndadzipeza ndikuyimba chapansipansi. Nyimbo ija. Ndikuidziwa yonse, ndime ndi ndime, palibe liwu ndi limodzi lomwe limene ndaiwala.