A Ndifunseko ndi Utoto wa Madzi

Mumsewu wathu munalibe munthu wosawadziwa a Ndifunseko. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso, chifukwa mkulu ameneyu sankagula ngakhale singano asanadziwe kumene inachokera. Anali wometa, koma manja atayamba kunjenjemera anaika lumo pansi asanadule khutu la mwini, n'kulengeza kuti tsopano aphunzira kujambula ndi utoto wa madzi.

Amene anaziona ndi mayi a sitolo ya zolembera, ija ya pafupi ndi pokwerera basi.

"Ndifunseko, mayi. Burashi iyi, ubweya wake ndi wa ndani?"

"Akuti ndi wa kumchira kwa gologolo."

"Gologoloyo anavomera?"

"Ine kunalibe, bambo."

"Nanga iyi?"

"Ya pulasitiki. Kwa munthu wophunzira ndi yabwino."

Anaiviika m'kapu ya madzi akumwa a mayiwo, n'kuikutumula kuti aone ngati nsonga isongoke, kenaka anaisisita patsaya. "Tsitsi ndimalidziwa ine. Ili silinadye bwino." Anatuluka osagula.

Atabweranso anali ndi burashi yopanga okha. Anapeza mkamwini wawo akuwodzera pampando masana, namudula ndevu za mbali imodzi. Mkamwini, poopa kukangana ndi apongozi, anangouza anzake kuti ndi kametedwe katsopano. Koma burashiyo inkakanda ngati tsache, moti kufufuza kunapitirira.

Pa nkhani ya mapepala mayi aja anafotokoza kuti lopyapyala limachita makwinya likanyowa, pomwe lokhuthala, lokhakhala pang'ono, limamwa madzi mwaulemu.

"Tione," anatero a Ndifunseko, n'kulinyambita.

Kuyambira tsiku limenelo mayiwo ankawasungira tizidutswa, kuopera kuti katundu yense athera ku lilime.

Utoto ndiwo unautsa mudzi. Panali wa m'timachubu ndi wina wouma, timibulu toyalana m'kachitini.

"Mitundu yonseyi ya chiyani?"

"Aphunzitsi ena anandiuza kuti itatu ikukwana: wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Inayo imabadwa mwa imeneyi."

"Kubadwa? Inu munaonapo?"

Mayi aja anapukusa mutu. Utotowo anali ataugulitsa zaka zambiri, koma anali asanaukhudzepo ndi madzi. Anatenga sosala ya tiyi, nadontheza wachikasu, a Ndifunseko nawonjeza wabuluu. Onse awiri anawerama ngati ana oonera nyerere. Pasosala panatuluka mtundu wa masamba.

Mkulu uja anathamangira pamsewu. "Wabereka! Wachikasu wabereka!"

Azimayi a m'saluni anatuluka tsitsi lili theka, akufunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Komabe kugula ayi. Tsiku lina akazi awo a Ndifunseko anafika okha pasitolo.

"Amwali, ndithandizeni. Pawindo padzaza mabotolo: madzi a mvula, a pampopi, ena owiritsa. Akuti akufufuza oyenera. Adzajambula liti bambo amenewa?"

Mawa lake mayi a sitolo anawafunsa maso ndi maso. A Ndifunseko anayala manja awo pakauntala, ndipo zala zinkavina zokha.

"Posankha palibe wondiseka, mayi. Koma ndikangoyamba kujambula, awa andiyalutsa."

Sipanapite nthawi, anadwala n'kugona. Masana ena mayi aja anatseka sitolo, natenga burashi imodzi yapakatikati, kachitini kakang'ono ka utoto ndi mapepala okhuthala, ulendo wa kunyumba kwa a Ndifunseko.

"Ndifunseko..." anayamba motero wodwalayo.

"Lero palibe mafunso. Ndakusankhirani."

Anawatsamiritsa pa mapilo, thireyi pamiyendo, akazi awo atakhala kumapazi kwa bedi kuti ajambulidwe. Dzanja linanjenjemera, madzi anathamanga, mphuno inatsetserekera kuchibwano.

"Ndine ameneyu?" anafunsa akaziwo. "Mphuno yanga ikupita kuti?"

"Khala phee, ikubwerera."

A Ndifunseko anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anayamba kuyang'anitsitsa wabuluu wa duku akulowerera mwa wofiira wa bulauzi, n'kupanga mtundu womwe palibe anaupempha. Pamene dzanja linagwedezeka kwambiri m'pamene panakongola.

"Taonani, madziwa akugwira okha ntchito. Mayi, bwanji simunandiuze kuti manja onjenjemera alibe nawo mlandu?"

"Simunafunse, bambo."

Anajambula tsiku lililonse kuchokera pamenepo: mphaka, ketulo, namwino wodzawabaya jakisoni, onse mphuno zosochera. Anamwalira wachikasu atatha, wofiira atatsala pang'ono.

Masiku ano pasitolo paja zinthu zimayenda mwachangu. Munthu amalowa, kuloza, kutenga, ulendo. Mayi aja amapukuta mashelefu oyera kale, ndipo masana amatalika. Posachedwapa mtsikana wina wa ku koleji anatola bokosi lalikulu la utoto osalitsegula n'komwe.

"Osaliona kaye m'kati, mwanangu?"

"Ndikuthamangira basi, amayi."

"Basi ibweranso ina. Takhala apa."

Mtsikanayo anakhala monyinyirika. Basi inadutsa, inanso inadutsa, ndipo pofika nthawi yotseka zala za onse awiri zinali mawangamawanga.