Sabata Yozimitsa Foni

Lolemba

Zotsatira zatuluka. Mayeso a mafupa ndalakwa. Aphunzitsi andiitanira mu ofesi, ati ndilembanso Lolemba likubwerali, ndikalepheranso ndilongedze. Koleji ya unamwino ino sinyengerera munthu. Tinayamba kalasi ili yodzadza, pano mabenchi akumbuyo angokhala fumbi lokhalokha.

Chondisokoneza ndikuchidziwa, ndi foni. Ndiye ndatsimikiza:
– foni izime mpaka nditalemba
– tikaweruka ndizikawerengera kuseri kwa tchalitchi
– tsiku lililonse chiwalo chake: lero mkono, mawa mwendo, kumalizira mutu

Foniyo ndapatsa Tiyamike, mnzanga wa m'chipinda, waikhomera m'sutikesi mwake. Ndamuuza kuti ngakhale ndilire asandipatse. Kumudzi sindinanene kanthu, amayi akamva zoti ndalakwa sagona. Mkono wayenda bwino, mpaka zala.

Lachiwiri

Ndili pakati pa fupa la ntchafu, Tiyamike watulukira atagwira foni yake. Amayi akuimbira iyeyo, akuti yanga sikupezeka. Ndamukodola kuti anene kuti ndatanganidwa. Iye pofuna kuti zimveke zenizeni wawauza kuti ndili ku wodi. Si bodza kwenikweni, m'mawa tinalidi kumeneko kuphunzira kuyala mabedi.

"Ku wodi?" amayi afunsa, netiweki n'kuduka.

Mwendo ndalekezera pa bondo.

Lachitatu

Amayi aang'ono afika pa kabaza kuchokera ku Milepa, fulasiki ya phala m'manja, chitenje chosinthira m'jumbo. Ayamba azungulira mawodi onse a chipatala cha mishoni kundifuna pa bedi. Andipeza ndikutuluka m'kalasi, yunifolomu ili mbee. Andiyang'ana m'maso, kenako pamimba.

Ndawauza kuti ndili bwinobwino, ndikungowerenga. Ati munthu wabwinobwino sazimitsa foni. Atinso ndawonda. Phalalo ndamwa, linali la nsinjiro. Kenako akuti popeza abwera kale, ndiwaperekeze akaonetse msana wawo kwa adokotala. Mzere wake! Tatulukamo dzuwa litapendeka.

Ndikadali pa bondo.

Lachinayi

Amayi aang'ono sanapite. Agona kumalo a odikirira odwala, akuti akufuna atsimikize ndi maso awo. Kumeneko apeza kale anzawo, ndipo onse akunditchula kuti anesi athu. Kuseri kwa tchalitchi ndapeza amayi ena atayala zitenje, akundidikira ndi mabuku awo a kuchipatala kuti ndiwawerengere zomwe adokotala alemba. Zolemba za adokotala ngakhale aphunzitsi athu amachita kutsinzinira.

Ndathawira ku laibulale. Chigoba cha pulasitiki chomwe timaphunzirira mafupa atenga a chaka chachiwiri, chatsala chitsulo chopachikapo. Lero linali tsiku la nthiti. Ndawerenga zanga zomwe, pamwamba pa yunifolomu, woyang'anira mabuku akundiyang'ana.

Ndapempha Tiyamike foni kuti ndiimbire amayi nkhaniyi ithe. Wakana, akuti ndinanena ndekha. Yake ilibe mayunitsi. Mtsikanayu ndi wokhulupirika mopweteka.

Lachisanu

Uthenga wa amayi aang'ono wafika kumudzi, koma wanenepa m'njira. Ena amva kuti ndagonekedwa, ena kuti ndi pathupi.

Masana Asisiteri oyang'anira hositelo andiitanitsa. Pageti pali amalume atavala jekete lawo la pa milandu, kumbuyo kwawo amayi a mphakati wathu, aliyense kolona m'manja. Ayamba nyimbo ya odwala. A m'kalasi mwanga adzadza m'mawindo.

Amalume andikokera pambali, koma mawu awo sadziwa kunong'ona. "Iwe, tiuze dzina la mnyamatayo, tikaonane ndi kwawo zinthu zisanaoneke."

Pothawira panalibe. Ndanena pamaso pa onse kuti mnyamata palibe, matenda palibe, ndalakwa mayeso a mafupa ndipo ndikalakwanso andichotsa sukulu.

"Mafupa okha?" atero amalume, n'kuvula jekete.

Amayi aja ati sangabwerere osapemphera, ndiye apempherera mafupawo, limodzi ndi aphunzitsi ake. Asisiteri ati ndikaonane nawo mayeso akatha. Buku lero sindinalitsegule.

Loweruka

Tiyamike wapita kwawo ku Nchema, kiyi wa sutikesi ali m'khosi.

Amayi afika okha chakum'mawa. Sanakalipe. Akhala pa bedi langa, ayang'ana makoma, andifunsa ngati ndikudya. Kenako ati akanakonda kumva kwa ine, osati kwa alongo awo pamsewu. Apa ndalira, iwo angondisiya ndilire.

Nditatha atenga buku lija, ati iwo aziloza pa chithunzi, ine ndizitchula dzina. Chizungu sachidziwa, ndiye sangadziwe ngati ndalakwitsa, koma ndikangokayika amamva, n'kunena kuti bwereza. Maina achilatiniwo akuseka nawo mpaka misozi. La m'chiuno akuti likumveka ngati mankhwala opopera mbozi. Tamaliza chiuno ndi theka la msana. Amayi aang'ono amvetsera za msanazo mwachidwi, ati tsopano adziwa penipeni powawa, ndikawauzire adokotala.

Lamulungu

Misa itatha amayi ndi amayi aang'ono akwera makabaza. Tiyamike wabwera, wandibwezera foni, akuti nkhani yanga yafika ndi ku Nchema komwe. Sindinaiyatse. Wondiimbira watsala ndani, onse ndaonana nawo.

Pomwe ndili:
– mkono, wonse
– mwendo, mpaka pa bondo
– chiuno ndi theka la msana, m'mawu a amayi
– mutu, olo fupa limodzi

Ndapinda zovala zina n'kuika m'chikwama, kuti zikavuta ndisachedwe. Yunifolomu ndasita, kuti zikayenda ndisachite manyazi.

Amayi asiya nkhuku yachikuda yowiritsa m'kontena. Tadya awiri, Tiyamike akupepesa kukamwa kuli kodzadza. Mafupa a nkhukuyo ndawayala pa mbale mwandondomeko, khosi, msana, mapiko, miyendo, ndipo onse ndikuwadziwa pokhala pake. Mutu amayi anachotsa. Mawa akafunsa za nkhuku, ndakhoza.