Akabaza Atatu ndi Njinga za M'katoni

Pulani yonse inabadwira kuseri kwa nyumba ya Malita wogulitsa masese, pansi pa mtengo wa mango, Lachinayi masana dzuwa likuswa mtengo. Amuna atatu, chigubu chimodzi cha masese, nzeru palibe ndi imodzi yomwe. Ine ndinali pomwepo ndikusenda mbatata zanga zokagulitsa, koma mwamuna akamwa amayesa nkhalamba ndi chitsa.

Ndikuuzeni kaye anthu ake. Woyamba ndi Smart, amene anzake amamutchula Amigo chifukwa anakagwirako ganyu miyezi iwiri ku Zobue, n'kubwerako ndi mawu atatu a Chipwitikizi komanso dzino limodzi losowa. Wachiwiri ndi Zakeyu, dzina lodziwika Sipanala, munthu woti akaona nati yomasuka, ngakhale pa njinga ya mdani wake, manja amamuyabwa. Wachitatu ndi mwana wa achimwene anga, Petro, amene pa siteji amamuitana kuti Bondo chifukwa akamapalasa bondo lake limalira kuposa tcheni. Onse atatu ndi akabaza a njinga zakapalasa pa siteji ya pamsika pa Mwanza boma. Onse imvi zinayamba, mimba zinatsogola, ndipo makasitomala anathawira kwa anyamata a njinga zamoto.

Koma mwini mavuto anali Petro. Njinga yake inathyoka felemu pachitunda atanyamula mayi wina, thumba la chimanga ndi mbuzi. Owotcherera anayesa kawiri, kachitatu anangoti, "Akulu, iyi ikapume." Tsono pa siteji pali lamulo: ukatha mwezi wopanda njinga, malo ako amapatsa wina. Kwa Petro kunatsala sabata imodzi. Mkazi wake Liness anali atanena kale poyera: "Malo akapita, ife ulendo wa ku Nthache. Mukawotche makala ndi alamu anu." Ndipo Petro wangayo amaopa makala kuposa njoka. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ali pa boma, nsapato zopolisha, lero akakhale wakuda bii ngati poto?

"Kalima, amigo, kalima," anatero Amigo, kumukhazika Petro mtima pansi m'Chipwitikizi chake chija, uku akupukuta masese kundevu. "A Kinsley a hadiweya aja alandira njinga zatsopano. Twente! Zili mu sitolo ya kuseri. Apongozi awo amwalira, Loweruka aliyense ali ku maliro, mpaka mlonda. Timalowa, aliyense yakeyake, timatuluka. Mphindi faifi."

"Maliro ake ali kuti?" anafunsa Petro.

"Ku Kanduku, kumapiri uko."

"Wakuuza ndani?"

"Iwe Bondo, gogo wa ku Kanduku angakaikidwe kuti? Ku Joni?"

Onse anaseka, n'kugundanitsa makapu.

"Tipite wapansi," anatero Sipanala. "Njinga yanga ija aliyense amaidziwa. Ngakhale agalu amaipatsa moni."

"Ndiye mfundo zimenezo, mani!" anatero Amigo. "Pobwerera tidzera msewu wafumbi wa kuseri kwa msika, phee mpaka kwa achimwene ako. Tikazipaka penti wakuda, Lolemba Bondo ali pa siteji ngati bwana."

Nkhope anagwirizana zobisa ndi zipewa zaubweya za pa kaunjika, zija zofika m'khosi, ataboola maso ndi lezala. Mwezi wa Okutobala umenewo!

Ine ndikanatha kuwauza kuti gogoyo anachoka ku Kanduku kalekale, ankakhala kwa mwana wake wamwamuna pa boma pompano. Koma anandifunsa ndani? Komanso ndinayesa ndi masese akulankhula.

Loweruka m'mawa anapitadi. Za mu sitolomo anafotokoza okha pambuyo pake, aliyense akuneneza mnzake. Loko anaithyola ndi chitsulo chochotsera tayala, kamodzi n'kamodzi. Analowa. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Malata alipo, misomali ilipo, mafosholo alipo. Njinga palibe. Pakona panangosanjikizana makatoni aphwatalala ngati matiresi.

"Amigo, njinga zija zili kuti?" anafunsa Petro.

Sipanala anang'amba katoni imodzi. Felemu payokha. Malimu paokha. Masipoko m'kathumba ngati usipa. Handulo, mapedulo, tcheni, chilichonse chogona pachokha.

"Palibe vuto," anatero Amigo, thukuta likutsika m'chipewa. "Aliyense asenze katoni, tizipita."

"Ine?" anatero Petro. "Zaka zonsezi ndikunyamula anthu mu Mwanza muno, lero ndidutse nditasenza njinga pamutu ngati mtolo wa nkhuni? Anyamata a njinga zamoto aja akandiona ndidzalowa pati?"

"Uli m'chipewa, adziwa bwanji kuti ndiwe?"

"Ine mwini ndidziwa."

Pamene awiriwa ankakangana, Sipanala anali atakhala kale pansi, miyendo tang'a, atasolola sipanala mu sokosi. Munthu ameneyu ngakhale ku ukwati wake anapita nayo.

"Tipatseni ola limodzi," anatero.

Ana inu, kumanga wilo si kusoka chigamba. Sipoko iliyonse ili ndi bowo lake, ndipo mkabaza aliyense amakhulupirira kuti anzake onse amamanga molakwika. Amigo anamanga lake mofulumira. Sipanala analizungulitsa, n'kutsinzina diso limodzi.

"Ili likuvina."

"Likavinire kutsogolo, tiyeni tizipita!"

"Pa dzina langa sipatuluka wilo lovina. Masula."

"Zakeyu, ife ndi mbava, si fakitale!"

"Mbava yopanda ulemu ndi ntchito. Masula, ndati."

Anamasula. Kutentha kutakula anakweza zipewa pamphumi. Njala itawapeza anagawana mtedza umene Petro anali nawo m'thumba. Mphindi faifi zija zinabereka ana, ana n'kubereka zidzukulu, mpaka dzuwa linafika paliwombo. Njinga zitatu zinaima, zonyezimira, mapulasitiki akadali m'mafelemu chifukwa Petro anakana kuwachotsa, ati penti angakalike. Iye yemweyo anapeza khushoni yofiira pa shelefu n'kuimangirira pa kaliyala.

"Khushoni ya chiyani pothawa?" anafunsa Amigo.

"Njinga yopanda khushoni ili maliseche."

Sipanala anapinda makatoni bwinobwino, anasesa pansi, ndipo anali atayamba kale njinga yachinayi pamene anzake anamukoka kolala.

Anatuluka. Anatsitsa zipewa. Anakwera. Eee, njinga yatsopano ndi nkhani ina! Tcheni chete, mabuleki ogwira, chishalo chosaluma. Bondo la Petro lokha ndi limene linkaimba. Anakhota kuseri kwa msika, anatsetsereka msewu wafumbi uja mphepo ikuwomba, Amigo akukuwa, "Ndinakuuzani! Ndinakuuzani, amigo!" Petro mpaka analiza belu kawiri, munthu woti akuthawa.

Atangokhota pa mtengo wa bulugamu, pakati pa msewu panali masamba. Nthambi zaziwisi, zoyalidwa bwinobwino.

Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, mwana aliyense wa mu Mwanza akudziwa: pa masamba a maliro wapanjinga amatsika, wachipewa amavula. Anthu atatuwa akhala akutsika pa masamba kuyambira asanamere ndevu. Mutu usanaganize, miyendo inali itatsika kale. Dzanja lamanzere pa handulo, lamanja linakwera lokha n'kuzula chipewa.

Atakweza maso, Mwanza yense anali pamenepo. Amuna pansi pa mitengo, ife amayi pakhonde tikuimba, a kwaya, a pamsika, a pa siteji onse ndi tcheyamani wawo a Sungani. Pampando wapulasitiki kutsogolo, a Kinsley, maso ofiira. Ine nyimbo inandithawa pakamwa. Ndinangotsina Liness amene anakhala pambali panga.

"Mayi, si amuna ako awo?"

"Njinga aitenga kuti?"

"Funsa chipewa chili m'manjacho, chili ndi maso."

Kumsewu kuja Amigo ananong'ona, "Tibwerere."

"Kubwerera pa masamba?" anatero Sipanala. "Ukufuna anene kuti gogoyu tinamudya ndife?"

Ndiye anayamba kukankha, pang'onopang'ono, mitu yowerama, nkhope zachisoni ngati amwalira ndi amayi awo. Mapulasitiki aja akuti waliwali padzuwa. A Sungani anawakodola, iwo n'kunjuta mwaulemu.

"Mwachita bwino kubwera, anyamata," anatero a Sungani. "Koma Bondo, wapeza njinga osatiuza?"

"Yobwereka, a tcheya."

"Nonse atatu mwabwereka?"

"Mwini wake ndi wamtima wabwino, a tcheya."

Anapitiriza kukankha. Masamba a mbali inayo, pothera malire a maliro, anali pafupi, mwina mapazi khumi. Ndikunena zoona, akanadutsa. Anthu pa maliro amaona zambiri koma salankhula msanga. Koma nthawi yomweyo kalipentala anakanong'oneza a Kinsley kuti misomali ya bokosi yachepa, ndipo adzukulu okumba manda akuti fosholo imodzi yathyoka. A Kinsley anaimirira, magalasi ataiwala m'nyumba, anaona khushoni yofiira ikupita, n'kuitana mawu amodzi okha:

"Kabaza!"

"Bwana!"

Onse atatu. Pamodzi. Anatembenuza njinga ngati asilikali, n'kuyamba kulimbirana kasitomala monga amachitira pa siteji.

"Kwerani iyi, bwana, yatsopano!"

"Zonse n'zatsopano, iwe! Bwana, ine ndi amene ndayamba kukuonani!"

"Bwana wanga uyu, wakalekale!" anatero Petro, akupukuta khushoni ndi chipewa chamaso chija. "Khalani apa, bwana, pofewa. Tikupita kuti?"

"Ku shopu kwanga. Msanga."

Apo ndi pamene Petro anakumbukira kuti lero si tsiku la ntchito. Nkhope inagwa. Koma kasitomala anali atakhala kale, ndipo a Sungani anali atakweza adzukulu awiri, amuna amapewa ngati zitseko, pa njinga za Amigo ndi Sipanala kuti akanyamule mafosholo. Anakankha mpaka kudutsa masamba aja anatsikira, n'kukwera, kubwerera kumene anachokera.

Chitunda chimene anatsetsereka akuseka anachikwera akulira. Panjira Amigo ankatsokomola, kupereka sayini yoti akhotere kwina. Koma mkabaza sakhota ndi kasitomala. Kumene wanena ndi komweko.

"Njinga yabwino iyi," anatero a Kinsley kumbuyo kwa Petro. "Yofanana ndi zimene ndaitanitsa ine. Munagula kuti?"

"Ku Zobue, bwana."

"Sikugwedera n'komwe. Ine vuto langa ndi omanga, amandiwonongera katundu. Wakumangirani ndani?"

Petro anangowerama n'kumapalasa. Amigo anatsokomolanso. Koma Sipanala kumbuyo kuja mtima unamutupa.

"Ndine, bwana! Zonse zitatu! Taonani wilo limenelo, ngati lajambulidwa!"

Atafika, a Kinsley anatsika n'kutulutsa makiyi. Makiyi analibe ntchito. Chitseko chinali pululu, loko ili pansi. M'kati mosesedwa bwino kuposa masiku onse, makatoni atatu opindidwa mwaulemu, ndi njinga yachinayi itagona chagada, wilo limodzi lomanga theka. A Kinsley anayang'ana makatoni. Anayang'ana njinga zitatu. Anayang'ananso makatoni. Adzukulu aja anali atagwira kale malamba a mathalauza a oyendetsa awo.

Sipanala anakanda kumutu.

"Bwana, poti tabwera kale, ija ndingoimaliza?"

A Kinsley ndi munthu wodziwa mwambo. Anati maliro sadikira mbava. Choncho atatuwa ananyamulanso bwana, adzukulu, misomali ndi mafosholo kubwerera kusiwa, n'kutsikanso pa masamba, ulendo uno popanda chovula. Anawakhazika pansi pakati pa adzukulu mpaka gogo anaikidwa. Nkhani inayenda pa maliropo mwakachetechete, khutu ndi khutu, moti amayi ena ankabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedezeka, alendo n'kumati koma gogoyu ankakondedwa.

Pochoka kumanda a Sungani anaima pamaso pa Petro.

"Bondo, za sabata ija iwala. Malo ako apita lero."

Petro anayang'ana kwa mkazi wake. Liness sanamuyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa ine: "Azakhali, muli ndi matumba opanda ntchito? Ndikufuna kulongedza ziwiya."

Kunatsala ulendo wa kupolisi. Ndi mtunda ndithu, ndipo a Kinsley anati iwo sangayende wapansi njinga zawo zilipo. Anakhalanso pa khushoni yofiira, adzukulu pa makaliyala awo, mbava zikupalasa zokha kukadzipereka. Theka la anthu a pa maliro tinatsatira pambuyo, ine chitenje nditakwinya m'manja kuti ndisatsalire.

Petro anapalasa ulendo umenewo ngati wanyamula mkwatibwi. Maenje onse anawazemba, pa mabampu anachepetsa, pa geti ya polisi anagwira buleki mofewa osamugwedeza munthu. Wapolisi anatuluka, unyolo uli m'manja. A Kinsley anatsika, n'kukonza jekete.

Ndipo Petro, mwana wa achimwene anga, anapukuta thukuta, anamwetulira, n'kutambasula dzanja kwa a Kinsley, chikhatho m'mwamba, kudikira ya ulendo.

Wapolisi uja, pomuveka unyolo, anati pa ntchito yake yonse sanaonepo munthu wopereka dzanja mwaulemu chotero.