Matabwa a pinyu amene anandiitanira asilikali

Pali anthu ku Mandimba amene mpaka lero akandiona amayamba kukutumula mutu ngati wagwera fumbi. Amatero pondiseka. Mlandu wake ndi wanga.

Inali nthawi ya nkhondo, Apwitikizi atatisonkhanitsa tonse m'mudzi umodzi wa mpanda. Ine ndinali mkamwini watsopano, ndipo nyumba ya mkazi wanga Rozina inali kudikira manja anga. Anzanga ankadula mitengo n'kuiviika m'matope kudambo kuti isafumbwe. Ine ayi. Ndinali nditasenzako katundu pasiteshoni ku Cuamba, ndipo ndinabwerako ndi matabwa a pinyu ophwasula m'mabokosi, oyera mbee, ena ali ndi zilembo zachizungu.

Ine ndi apongozi anga aakazi sitinkayankhulana maso ndi maso, monga mwa ulemu. Anauza Rozina, ine ndili pomwepo: "Uwauze bambowo aviike kaye."

"Uwauze mayi kuti mtengo wa ku Ulaya susamba m'matope," ndinatero. (Unali wa ku Ulaya kapena wa kwathu konkuno ku Vila Cabral, sindinafunse.)

Ndinakhoma mitanda, chitseko ndi bedi. Anthu ankabwera kudzangogwira.

Mvula itatha, tinayamba kuona timabowo, ndi ufa wachikasu pamphasa. Afumbwe. Ndinapaka mafuta a nyale. Tinanunkha ife, iwo n'kumadyabe. Ndinafukiza mapesi a fodya m'nyumba mpaka denga linatsala pang'ono kuyaka. Kenaka bedi linathyoka masanasana, Rozina akuyamwitsa.

Uthenga wa apongozi unabwera tsiku lomwelo: "Uwauze kuti mtanda ukagwera mdzukulu wanga, anyamule mphasa yawo azipita kwawo." Apa ndiye ndinaopa zenizeni, pakuti Rozina ndinkamukonda.

M'mawa mwake ndinazula chitseko ndi matabwa a bedi, n'kuzemba nawo kuseri kwa mpanda kuti anthu asandione n'kundiseka. Ndinawamiza mumtsinje, miyala pamwamba, udzu pamwamba pa miyala. Taganizani inuyo: nthawi ya nkhondo, munthu akubisa zinthu zazitali m'madzi, uku akucheukacheuka.

Dzuwa lisanapendeke asilikali anali atandikoka kale pakhosi, mudzi wonse uli pambuyo. Anandivuulitsa matabwa aja. Mkulu wawo ataona zilembo anafiira nkhope: kani ena mwa mabokosiwo anali a zipolopolo zawo!

"Mfuti zili kuti?" anafunsa kudzera mwa womasulira.

"Kulibe, sinyolo. Ndi afumbwe."

"Afumbwe ndani? Ali angati?"

"Ambirimbiri, sinyolo. Ali m'nyumba mwanga."

Womasulira uja, Mulungu amudalitse, anayamba wafotokoza kuti afumbwe ndi tizilombo, asanamasulire. Mkuluyo anaponda chitseko ndi nsapato, chinangoti phwa ngati chinangwa chouma. Anatola chidutswa, naona timabowo, naseka mpaka kutsokomola. Anandipatsa mbama imodzi ya ulendo wawo, basi n'kumapita.

Ndinatsala chiimire, matope mpaka m'chiuno. Pamenepo apongozi, kwa nthawi yoyamba chikwatirire, anayankhula ndi ine mwini, atayang'ana kumbali.

"Bambo, zofumbwa kale saviika. Pitani kudambo, patsinde pa mkuyu. Mitengo ya nyumba yanu ndinaimiza m'matope tsiku lomwe munabwera ndi zoyerazi."

Inalipodi, yakuda bii, yonunkha, yolimba ngati chitsulo. Rozina ndili nayebe. Koma ndisaname, chitseko cha pinyu chija chinali chokongola.