Tsiku Limene Ninathamangitsa Apongozi pa Wailesi

Mpaka lero kuno kwa Nkomeshya kuli anthu amene akaniona kutchalitchi agwira makutu. Ati ni nthabwala. Alekeni. Ine mwini wake nikuuzeni mmene vinayendera, chifukwa okamba kumsika awonjeza vawo (ati ng'ombe zinathawa mpaka ku Palabana. Bodza! Zinali mbuzi chabe).

Unali ukwati wa Alesi, mwana wanga womaliza, chaka chotsatana na chija tinadya ufa wachikasu. Akuchimuna anachokera ku Chipata, minibasi yodzaza, na azakhali awo amagalasi oyang'ana munthu monga ayeza nsalu. Ine ndiye ninali wopereka mwana: kuima pabwalo, kuyambitsa nyimbo, na kuuza alendo kuti mtsikana uyu sitinatole pamsewu. Mau amenewo ninayamba kuwakonza pokolola, kukamba nekha m'munda monga wofuntha.

Manje apongozi anga aTembo, amuna a Misozi mwana wanga woyamba, anabwera na chinthu cha ku tauni. Maiki yopanda nthambo, ili chabe na kamchira monga khoswe. Ukamba apa, mau auluka okha, akalowa mu wailesi uko, wailesi iwaponya mu chisipika chachikulu chomangirira ku batire ya motoka.

Kwathu apongozi sitiyandikana, sitiyang'anana kumaso. Nikabwera na njira, iwo apatukira m'thengo. Ndiye pofotokoza anaima kutali, ayang'ana nkhokwe, akamba na mkazi wawo.

"Amake Dali, uzani amama akaime kuja pa mtengo wa mango, kutali na wailesi."

Misozi ati, "Amama, ati mukaime pa mango."

"Namva, sindine gonthi. Afunse chifukwa chake."

Apongozi akali kuyang'ana nkhokwe, na kamau kawo kaulemu: "Auzeni kuti maiki ikamva vamene ikamba sipika, ivibweza ku wailesi. Wailesi ivikuza, maiki imvanso, ibwezanso. Vizungulira choncho mpaka vilira. Ine nizakhala pa kabatani aka. Akatsitsa mau nizawonjeza, akakuwa nizachepetsa."

Pa vonse ivo ine ninamva liwu limodzi: nizachepetsa. Kuchepetsa ine? Pa ukwati wa mwana wanga?

Nthawi inakwana, dzuwa lili pamutu. Naima pa mango, chitenje chatsopano, duku yanga ili njo. Nayamba: "Alendo athu a ku Chipataaa!" Mayo ine, kukoma kwake! Mau anga anatuluka uko kukhonde, aakulu monga a bishopu. Azimayi lululu! Ine mtima mmwamba. Nakweza.

Poyang'ana m'mbali (apongozi tiwaona na kona ya diso), naona dzanja lawo lipotokola kabatani. Mau anga afota. Nakuwa maningi. Apotokolanso. Azakhali amagalasi aweramira kwa mnzawo: "Kodi akuti chiyani amayiwa?" Chichewa cha m'buku, pabwalo panga!

Nati kapena mau alema panjira, mtunda watalika, niwaperekeze. Nayamba kuyenda kulinga kukhonde, nikali kuimba. Sipika yayamba kalira kang'ono, swiii, monga udzudzu. Misozi ati, "Amama, bwererani!" Ine nati udzudzu suniopsa.

Apongozi aniona nibwera. Aimirira. Akhalanso. Ayang'ana kabatani, ayang'ana mapazi anga. Munthu wolera bwino uja, nikuuzani, thukuta kamukamu. Nitafika pa sitepe, mwambo unapambana: anavula chisote, anabwerera chambuyo, psiti kuseri kwa nyumba. Wailesi yatsala yamasiye.

Nati eya. Nagwira kabatani kaja, napotokola mpaka kanakana kokha. Naika maiki pakamwa, mimba yanga igunda sipika, nati nikambe "Mwana uyu..."

WIIIIIIIIII!

Abale, sininamvepo chinthu chotere. Nkhumba khumi pa mpeni umodzi. Makanda onse analira pamodzi. Mbuzi zinadula zingwe. Abusa anagwetsa mbale ya mpunga. Mkwati, mnyamata wa suti, analowa pansi pa thebulo nakusiya mkazi wake pampando (ichi Alesi sanaiwale, amukumbutsa akayambana).

Ine kuti nichite bwanji? Mwana akalira umukalipira. Nakuwira m'maiki momwemo: "Iwe, khala chete!" Yawonjeza. Naiphimba na dzanja. Yasintha nyimbo, wuuuuu, mpaka mano kuwawa. Nati kapena ifuna amake, naigoneka pamwamba pa sipika. Apo ndiye inalira monga tonse tamwalira.

Kuseri kwa nyumba nimva apongozi, ulemu ukali pomwepo koma mau atha: "Amake Dali! Pemphani amama asendereko! Chonde apempheni!"

Misozi: "Bwerani muzime imwe!"

"Nizabwera bwanji, amama ali pamenepo!"

Ine: "Auze abwere, natsinzina!" Nipo ninatsinzinadi, naima njii monga chitsa, pafupi na chinthu chokuwa.

Sanabwere. Sipika inalira, inalira, kenaka pho! Kautsi, na fungo monga tsitsi lapsa. Zii.

M'chete mmenemo aliyense anamva azakhali amagalasi achotsa zala m'makutu, ati: "Zikomo amayi, tamva. Mwanayu timusamala. Musabwerezenso."

Bwalo lonse gwa! kuseka. Mau anga aja a m'munda, palibe na limodzi linatuluka. Mwana anaperekedwa na mlamu wanga, munthu wa mau monga mwana wa mphaka, ndipo anamuombera m'manja. Ine ninakakhala kumapoto, nikumva wiii m'mutu mpaka Sabata.

Patapita masiku apongozi anatumiza shuga kupyolera mwa Misozi, ati apepesa kuti makina awo ananivuta. Shuga ija inanipweteka kupambana kunyozedwa. Ninamwa, koma.

Manje pa maukwati a adzukulu anipatsabe maiki, na ulemu wonse, manja awiri. Yopepuka bwino. Aganiza sinidziwa kuti mabatire achotsa. Nidziwa! Niigwira pakamwa, nikuwa na mau amene ananipatsa Mulungu, ndipo a kumbuyo amva vonse. Akabwera kuniuza ati, "Ambuya, maiki ya lero inali bwino," ine niti, "Eee, iyi ndiye ya ulemu."