Nimu mu Mfutso wa Apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la mfutso, lilime langa limabwerera kukhosi lokha.

Mvula ikupita kumapeto, apongozi anga anatitumizira thumba la chitambe kuchokera ku Lirangwe kuti tifutse. Pamwamba anaikapo kamtolo ka masamba a nimu, mankhwala awo a matenda alionse. Akazi anga anawiritsa chitambe chija n'kuchiyanika pamphasa, nimu n'kumuyala pakhonde.

Tsiku lotsatira, popita kukwaya, anandisiyira mawu. "Chitambe padzuwa, nimu pamthunzi. Zisakhudzane."

"Pitani, musade nkhawa," ndinatero ine (munthu woti ngakhale tiyi ndimapsereza).

Ndinakhala pansi kumvera mpira pawailesi. Posakhalitsa kumwamba kunada. Madontho atayamba kugogoda pamalata ndinadzambatuka, kukokolola chitambe, kukokolola nimu, zonse khuthu mu lichero limodzi. Ndinadzitamanso kuti ndine wochangamuka.

Abale, masamba akafota amafanana ngati ana a bere limodzi. Ndinayesa kusankha, ndinatopa. Ndinatola timasamba tooneka totalikirapo n'kuika pambali kuti ndiye nimuyo, zotsalazo n'kungovundula bwinobwino. Mumtima ndinati nsinjiro zidzabisa.

"Nimu uja wachepa bwanji?" anafunsa akazi anga atabwera.

"Amanyala akauma," ndinayankha mosaphethira.

Mfutso unalowa m'chigubu, nkhani n'kuiwalika, mpaka mwezi wotentha uja ndiwo zitasowa. Apongozi anatsika kabaza pakhomo pathu pa Chileka, ulendo wawo woyamba chikwatirireni mwana wawo. Ine ndinafunitsitsa akanene kumudzi kuti mkamwini ndi munthu. Ndinati tigwire nkhuku. Iwo anakana, ati akufuna alawe chitambe cha m'munda mwawo, chotendera.

Monga mwa ulemu, ine ndinadyera m'nyumba, iwo pakhonde. Nditangoika mbamu yoyamba m'kamwa, misozi inalengeza. Kuwawa kwake kunafika mpaka m'makutu. Ndinasuzumira pazenera: apongozi akudya pang'onopang'ono, nkhope ili phee, mbamu iliyonse akutsitsira ndi madzi. Anamaliza mbale yonse. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Atasamba m'manja anandiitana. Ndinanjuta chapatali.

"Bambo, zikomo, ndadya. Anayanika ndani?"

"Ndine, amayi."

"Ndaona. M'nyumba muno malungo sadzalowamo chaka chino."

Akazi anga, amene anali asanadye, analawa mumphika n'kundiyang'ana diso limodzi lokha. Sanakalipe ayi. Anangolengeza kuti chakudya chochokera kwa amayi sichitayidwa, ndipo popeza woyanika akudziwika, wakudyanso akudziwika. Chigubu chija chinali chachikulu, anthuni.

Chaka chino thumba labweranso. La chitambe lafika ndi dzina la akazi anga. Nimu apongozi anapatsira woyendetsa minibasi wina, tsiku linanso, ndi uthenga woti mkamwini akudziwa kale kakomedwe kake.