Mafuta Anga a Mitundu Itatu

Lolemba
Ba Tembo, alamu anga, andipatsa ntchito yokazinga nkhuku za chilanga mulilo cha mwana wawo wamkazi. Loweruka tikaonetsa banja la mkwati mmene timaphikira. Akuti ndikachita bwino, khitchini ya ukwati ndi yanga. Komboni yonse ya Matero indidziwa! Mafuta ndikusakaniza ndekha: a mpendadzuwa kuti awale, a mtedza ofinya kumudzi kuti anunkhire, a kanjedza a kumsika wa Kamwala kuti achuluke. Ndikukweza botolo padzuwa. Golide weniweni!

Lachiwiri
Kuzizira kwa Juni uku! Mafuta achita chifunga. Ndawaika padenga, masana awalanso. Ba Mwanza oyandikana nafe: "Mwayamba kuyanika mafuta a saladi monga vovala?" Nsanje basi.

Lachitatu
Ndikuyesa ndi ntchafu imodzi. Thovu! Likusefukira pambaula, utsi nyumba yonse, maso akuyabwa. Amuna anga akutsokomola, akuti a kumudziwo ali ndi madzi, ndingogula a m'sitolo. Ine? Wobadwira ku Katete ine?

Lachinayi
Ndasefa ndi chitenje chatsopano chobiriwira, chosachapa. Thovu lachepa, koma mafuta akubiriwira. Amuna anga ndawauza kuti ndi mavitamini.

Lachisanu
Ndathira a kanjedza onse otsala. Chikasu chabwerera. Mutu uwu ndi wa ku yunivesite, sukulu inangonditaya.

Loweruka
M'mawa mafuta agwirana gwa, ndikuchita kukumba ndi supuni. Pamoto asungunuka, nkhuku zapsa psuu, azimayi akululutira. Ndikuyenda ngati mwini ukwati.

Koma pageti la kwa mkwati, mbale zili pamutu, ng'oma ndi nyimbo zosatha, mphepo ikuwomba. Pomasula chitenje chokulungira mbale, mayo ine! Nkhuku zanga zayera mbuu ngati zapakidwa kandulo, m'mapiko mobiriwira. Azakhali a mkwati akukanda ndi chala: "Iyi nkhuku mwaizola vya kumaso?" Ng'oma yaleka. Manyazi andigwira. Wina walawa ndithu, ndamuona, ndipo sanalavule.

Lamlungu
Ba Tembo abwera titaweruka kutchalitchi. Akhala pansi, afunsa za ana, za nyengo, kenako: "Ba mulamu, khitchini tapasa ba Mwanza. Imwe pa ukwati muzasambika alendo m'manja." Zandiwawa, sindibisa. Ndavomera. Koma beseni ndisankha ndekha.